Kodi Kuchuka Nkwa Yani?

Ife amene tigwira nchito ya ukalaliki tidziwa cinthu cimodzi cimene anthu a kunja kwa ofesi sacidziwa. Kalata imene icoka m'ofesi ndi dzina la mkuru pansi pace, kawiri-kawiri siinalembedwe ndi mkuruyo ai. Wina anafuna mafaelo, wina anasanja mau, wina anataipa, ndipo mkuru anangoikapo dzina. Kalatayo ikakoma, woyamikidwa ndiye; ikalakwika, woitanidwa kukayankha ndiyenso. Pa zaka zanga zoyamba ndinali kudandaula kaamba ka mbali yoyambayo, osaiona yaciwiri. Cotero funso limene ndifuna kuti tiganizire pamodzi, inu anzanga amene mwangotsiriza sukulu ndipo mulakalaka kuti dzina lanu limveke, ndi ili: munthu akachuka, kuchukako nkwa yani? Nanga akagwa, mlandu ngwa yani? Sindidzayankha ndi nthano ya Kalulu. Ndidzatenga mbiri yoona ya gulu lina la oimba la ku England, dzina lace The Human League, pakuti m'mbiri yao funsoli lioneka poyera koposa m'mene lionekera m'ofesi mwathu.

Mzinda wa Sheffield uli cakumpoto kwa England, ndipo kuyambira kale udziwika ndi ng'anjo zace za citsulo. Kumeneko m'caka ca 1977 kunali anyamata awiri, Martyn Ware ndi Ian Craig Marsh, amene nchito yao inali yoyang'anira makompyuta. Tinene kuti anali akalaliki anzanga. Iwowa anagula cipangizo cochedwa synthesizer. Maonekedwe ace ali ngati a limba la m'chalichi, koma m'kati mwace mulibe mphepo kapena nsambo. Liu lace lipangidwa ndi magetsi, ndipo woimba alipinda monga afunira, kuti lilire ngati citoliro, ngati ng'oma, kapena ngati cinthu cimene khutu la munthu silinamvepo ndi kale lonse. Poyamba zipangizo zotere zinali za olemera okha, koma pa zaka zimenezo mtengo unatsika, kotero kuti mnyamata wa pa nchito wamba anatha kuufikira. Inalinso nyengo imene acinyamata a ku Britain anatopa ndi akatswiri oimba motalikitsa, nayamba kunena kuti ali yense angathe kuimba ngakhale sanaphunzire. Maimbidwe amene anabadwa m'nyengoyo anachedwa new wave, ndipo nthambi yace yodalira makina inachedwa synth-pop.

Anyamata awiriwo anadziikira lamulo lakuti m'gulu mwao simudzalowa gitala kapena ng'oma yoomba ndi manja. Koma makina alibe nkhope, ndipo anthu sataya ndalama kuti akapenye mabokosi. Tsono Ware anakumbuka mnzace wa ku sukulu, Philip Oakey, amene anali pa nchito yonyamula odwala m'cipatala. Oakey anali asanaimbepo pamaso pa anthu. Cimene anamuitanira cinali msinkhu wace ndi mabvalidwe ace. Ndiye uja anadziwika ndi tsitsi lalitali mbali imodzi ya mutu kufikira kuphimba diso. Liu lace lakuya analipeza pambuyo pace. Wacinai anali Adrian Wright, amene poyamba sanali kuimba kanthu konse. Nchito yace inali kuonetsa zithunzi pa cinsaru pamene anzace alikuimba.

Kampani ya Virgin inawalemba m'caka ca 1979, ndipo anaturutsa zimbale ziwiri, Reproduction ndi Travelogue. Olemba nyuzi anaziyamika, koma ndalama zimene zinalowa sizinakwanire kubweza zimene kampani inaononga. Cowawa koposa cinali cakuti m'caka comweco ca 1979 mnyamata wina wa ku London, Gary Numan, anatenga malo oyamba kawiri pa mndandanda wa nyimbo zogulidwa koposa, ndi makina a mtundu womwewo. Oyamba kulima munda anaona wobwera m'mbuyo alikukolola. Monga cicitikira m'nyumba ya njala, mau anayamba kuwawa, ndipo Ware ndi Oakey sanathenso kumvana pa kanthu. Cakumapeto kwa 1980 gulu linang'ambika pakati. Ware ndi Marsh anacoka, nakayamba lina lochedwa Heaven 17.

Apa ndi pamene funso lathu liyamba kuluma. Dzina lija linatsala ndi Oakey ndi Wright, ndiye kuti ndi munthu wa tsitsi ndi munthu wa zithunzi, pamene odziwa makina, amene anayambitsa zonse, anacoka opanda dzina. Mukamva cotero mudzati cilungamo cinapotozedwa. Koma tamasulani mtolowo muone za m'kati. Wotenga dzina anatenganso ngongole zonse. Anatenga pangano la ulendo wokaimba m'maiko a Europe, umene unali kuyamba patangopita masiku owerengeka, ndipo akadaulephera akadazengedwa mlandu. Anabvomeranso kupatsa Ware ndi Marsh gawo limodzi pa magawo 100 a phindu la cimbale cotsatira. Dzina ndi katundu, ndipo ambiri a ife tilikhumba poliona lilikunyezimira pa mutu wa mnzathu, osafunsa m'mene khosi lace limvera.

Usiku wina Oakey analowa m'nyumba yobviniramo yochedwa Crazy Daisy, m'Sheffield momwemo, naona atsikana awiri alikubvina. Anali Susan Ann Sulley wa zaka 17 ndi Joanne Catherall wa zaka 18, onse ana a sukulu, osaphunzira za kuimba kwa mphunzitsi ali yense. Anawapempha kuti alowe m'gulu, napita kukaonana ndi makolo ao kuti awalole, monga kuyenera. Olemba nyuzi anaseka. Pa ulendo uja anthu amene anagula matikiti kuti akaone amuna a makina anapsa mtima poona atsikana, ndipo m'malo ena anawaponya zitini za mowa. Atsikanawo anapirira, ndipo ulendo utatha anabwerera ku sukulu. Inu amene muli a msinkhu womwewo muwasunge m'mtima, pakuti tidzakomana nao m'tsogolomu.

M'caka ca 1981 kampani inaona kuti Oakey afunika amisiri, nimpereka kwa Martin Rushent, katswiri wojambula nyimbo. M'gulu munalowanso Ian Burden, ndi Jo Callis amene kale anali woimba gitala m'gulu la The Rezillos. Rushent anali kukhala masiku ambiri alikulowetsa m'makina liu limodzi-limodzi, monga kalaliki alemba manambala m'buku la ndalama, ndipo ng'oma zinacokera m'bokosi lochedwa Linn LM-1. Cimbale cimene cinaturuka, Dare, cinafika pa malo oyamba. Nyimbo zitatu za m'menemo zinali zitagulidwa kale bwino, ndipo Simon Draper wa ku Virgin anafuna kuturutsa yacinai payokha, yochedwa Don't You Want Me. Oakey anakana kolimba. Kwa iye nyimboyo inali yofoka koposa zonse, ndico cifukwa cace anaiika kumapeto kweni-kweni kwa cimbale. Pamene anagonja, anaumiriza kuti aikemo cithunzi cacikuru copacika pa khoma, kuti wogula asamve ngati wabedwa.

Nyimbo yopeputsidwa ndi mwini waceyo inakhala pa malo oyamba masabata 5, pa nyengo ya Khrisimasi ya 1981, ndipo inagulidwa koposa nyimbo ina iri yonse ku Britain m'caka cimeneco. M'Julayi 1982 inatenga malo oyamba ku America, kumene wailesi ya kanema ya MTV, imene inali isanathe caka, inali kuionetsa kawiri-kawiri. Pa khomo limene inatsegula anadutsa pambuyo pace Duran Duran, Culture Club ndi Eurythmics. Cozizwitsa ndi nkhani ya m'nyimboyo. Muli mwamuna wodzitama kuti ndiye anatola mkazi wina pa nchito yaing'ono namkweza, ndipo muli mkaziyo, woimbidwa ndi Sulley, amene akana kuti ulemu wace ngwa mwamunayo. Nyimbo siiweruza pakati pao. Anthu ambiri-mbiri anabvina mlandu womwe uja umene tiri kuuzenga pano, osadziwa kuti ndi mlandu.

Tsono tiwerenge manja amene anagwira nchitoyi. Pali Ware ndi Marsh amene anakumba maziko nacoka nyumba isanafoleredwe. Pali Callis ndi Wright amene analemba nyimboyo pamodzi ndi Oakey. Pali Rushent amene anaikonza kufikira mwini wace anaida, ndi Draper amene anakana kumvera. Pali atsikana awiri amene anacititsa kuti msungwana ali yense wa m'sitolo adzione yekha pa kanema. Pali ngakhale amisiri a ku Japan ndi ku America amene anapanga makinawo, osadziwa konse za Sheffield. Anthu ena pa nthawiyo anafika ponena kuti woimba ndi makina, munthu angoima pambali; ndipo m'caka ca 1982 nthambi ya ku London ya bungwe la oimba, Musicians' Union, inapempha kuti makina otere aletsedwe, poopa kuti oomba ng'oma ndi oimba zeze adzasowa nchito.

Kodi tinene tsono kuti Oakey anangonyamulidwa? Ine sinditero. Pamene onse anati watha, iye sanathawe ngongole. Pamene wanzeru ali yense akadafuna oimba ophunzira, iye anakhulupirira diso lace, natenga ana a sukulu. Zimenezi nzace, ndipo palibe Rushent amene akadazilowetsa m'makina. Akuru amati ukakwera pa msana pa njobvu usamati pansi palibe mame. Ndinazindikira mocedwa kuti mwambi umenewu suletsa kukwera. Palibe amene anafika patali ndi miyendo yace yokha, ndipo wonyada kuti sanathandizidwe ndi munthu kawiri-kawiri ndi munthu woiwala msanga. Cimene mwambi uletsa ndi kunena bodza uli pamwambapo.

Kutsika kunayamba mwakacetecete, gulu likali pamwamba. Nyimbo ziwiri zotsatira, Mirror Man ndi Fascination, zinafika pa malo aciwiri. Koma cimbale catsopano cinakana kubadwa. Munthu amene alibe kanthu ayesa ciri conse, pakuti alibe cotaya. Amene wapambana kamodzi agwira colembera dzanja lilikunjenjemera. Miyezi inatha m'nyumba yojambulira nyimbo ya mtengo wapatali. Rushent anakangana nao nacoka, katswiri waciwiri anabwera nacokanso, ndipo wacitatu ndiye anatsiriza. Cimbaleco, Hysteria, cinaturuka m'caka ca 1984, patapita zaka ziwiri ndi theka cicokere Dare, ndipo cinafika pa malo acitatu. Kwa gulu lina malo acitatu akadakhala phwando, koma kwa iwo anawerengedwa kugwa, cifukwa muyeso wao unali dzulo lao lomwe. M'nyimbo yace yoyamba, The Lebanon, munamveka gitala, cinthu cija anacikana poyamba. Posacedwa Callis nayenso anacoka. Manja aja tinawerenga anali kucotsedwa limodzi-limodzi, ndipo denga linatsala pa mitu yocepa.

Cimene cinacitika m'caka ca 1986 ndico cimene ndacilingalira koposa zonse. Kampani inawatumiza ku Minneapolis, ku America, kwa Jimmy Jam ndi Terry Lewis, amene anali atangokweza Janet Jackson ndi cimbale ca Control. Amuna awiriwa anali ndi njira yao-yao yogwirira nchito. Nyimbo zina analemba okha, zoimbira zambiri anaimba okha kapena ndi anthu ao, ndipo a ku Sheffield anapezeka ali ngati alendo oyembekeza kuitanidwa. Patapita miyezi inai Oakey anatenga anzace nabwerera kwao, nchito isanathe, ndipo Jam ndi Lewis anatsiriza cimbale ca Crash okha. Nyimbo yochedwa Human, imene palibe mmodzi wa gululo analembako liu, inatenga malo oyamba ku America m'Novembala 1986. Wright anacoka caka comweco, Burden caka cotsatira.

Nanga apa tiweruze bwanji? Ndinafunsa anzanga a m'ofesi pa nthawi ya tiyi. Wina anati ndalama ndi ndalama, ndipo fodya wako ndi uyo ali pa mphuno. Wina anati ndi manyazi okha-okha kubvala malaya obwereka ndi kulandira nao ulemu. Ine ndiona kuti onse awiri alumpha cinthu cimodzi. M'caka ca 1981 manja anali ambiri, ndipo m'caka ca 1986 analinso ambiri; kusiyana sikuli pa kucuruka kwa othandiza. Poyamba paja anzao anadza kudzawathandiza kumanga nyumba yao. Kaciwiriko anagona m'nyumba ya eni, dzina lao lokha ndilo linalembedwa pa citseko. Ndi monga mkuru wa ofesi amene asaina kalata imene waiwerenga naibvomera ndi mtima wonse, ndi wina amene asaina kalata imene sakadailemba cotero akadakhala ndi mphamvu. Pa pepala zisindikizo zao zifanana. Usiku pogona ndi pamene asiyana.

Komabe sindingathe kuwaponya mwala. Oakey yemwe anabvomereza pambuyo pace kuti nchito ya ku Minneapolis ndiyo inapulumutsa gulu. Munthu amene anabwerera kwao mokwiya anadya za nyimbo imene inamkwiyitsa, nanena poyera kuti wadya. Kwa ine ici ncolemera koposa kukana kwa munthu amene sanayesedwepo.

Ndipo tamverani cotsatira, cifukwa cisokoneza ciphunzitso cimene tikadakonda kuturutsa m'nkhaniyi. Atatu otsalawo, Oakey, Sulley ndi Catherall, anamanga nyumba yao yojambuliramo nyimbo ku Sheffield, kuti asalamulidwenso ndi munthu. Cimbale cimene anapanga ali pa ufulu wotere, Romantic?, cinaturuka m'caka ca 1990, nicilekeza pa malo a 24. M'caka ca 1992 Virgin inawacotsa. M'nthano za ku sukulu, wobwerera ku nchito ya manja ace alandira mphotho. Kuno analandira kalata yowatsazika.

Tikonda kunena kuti wakugwa anagwa cifukwa ca kunyada. Mau amenewa atitonthoza, pakuti atiuza kuti dziko liyenda molongosoka, ndi kuti ife odzicepetsa sitidzagwa. Koma m'mbiri yino sindipeza chimo lalikuru lolingana ndi kugwako. Cimene ndipeza ndi nthawi. Liu limene m'caka ca 1981 linali lacilendo, pofika 1985 linali m'nyimbo iri yonse, ngakhale m'zolengeza malonda. Makina monga Yamaha DX7, amene anaturuka m'caka ca 1983, analowa m'manja mwa oimba osawerengeka. Kenaka kunadza maimbidwe ena obvinira ochedwa house, ndipo pambuyo pace magitala anabweranso ndi mphamvu. Ana amene anabvina Dare anakwatira nayamba kulipira nyumba, ndipo ang'ono ao sanafune nyimbo za akuru ao. Tsabola wakale sawawa. Tsabolayo sanalakwe kanthu. Lilime ndilo lazolowera. Ngati tibvomera kuti nyengo inawakweza koposa m'mene nzeru zao zikadawakwezera, tiyeneranso kubvomera kuti nyengo inawatsitsa koposa m'mene zolakwa zao zikadawatsitsira. Sicabwino kupatsa mwai ulemu wonse wa kukwera, ndi kusenzetsa munthu mlandu wonse wa kutsika.

Mwina mufunsa za Ware, uja anacoka wopanda dzina. Sanafe ndi njala. Gulu lace linafika pa malo aciwiri m'caka ca 1983 ndi nyimbo ya Temptation, ndipo caka comweco anathandiza kujambula Let's Stay Together, nyimbo imene inabweza Tina Turner pamaso pa anthu atakhala zaka zambiri ngati woiwalika. Amene anamanidwa dzina anasanduka limodzi la manja osaoneka onyamula dzina la wina.

Atsikana aja sanacoke. Odziwa makina anapita, olemba nyimbo anapita, akatswiri ndi makampani anapita, koma awiri amene anasekedwa kuti sadziwa kanthu ndiwo anakhala ndi Oakey m'zaka za njala, ndipo anasanduka eni ace a gulu pamodzi naye. M'caka ca 1995 anaonanso kuwala pang'ono: nyimbo ya Tell Me When inafika pa malo a 6. M'caka ca 2001 anaturutsa Secrets, cimbale cimene olemba nyuzi anaciyamika, koma kampani yace, Papillon, inatsekedwa, ndipo cinalekeza pa malo a 44. Kucokera pamenepo cakudya cao cinacokera makamaka m'maulendo oimba pamaso pa anthu, kumene khamu silinali kuwalola kucoka asanaimbe nyimbo ija Oakey anaibisa kumapeto kwa cimbale. Ena aciyesa comvetsa cisoni kuti munthu wa imvi azibwereza nyimbo ya unyamata wace usiku ndi usiku. Ine amene ndilemba kalata za mtundu umodzi caka ndi caka sindiona cisoni pamenepo. M'caka ca 2008 anayenda ulendo umodzi ndi Heaven 17 ndi gulu lina la kwao lochedwa ABC, ndipo Ware ndi Oakey anaimba m'nyumba imodzi usiku umodzi, patapita zaka 28 cipatukire.

Kumayambiriro kwa 2014 timu ya mpira ya Aberdeen, ku Scotland, inatenga cikho ca Scottish League Cup. Ocemerera ace anali atatola maimbidwe a Don't You Want Me, nacotsa mau ena, naikamo dzina la wosewera wao, Peter Pawlett. Pokondwera ndi cikhoco anagula nyimbo yakaleyo mwaunyinji, kotero kuti inabwerera pa mndandanda wa ku Britain, nifika pa malo a 19, patapita zaka zoposa 32. Ambiri a iwo anali asanabadwe pamene Oakey anali kukangana ndi Draper, ndipo m'bwalo la mpira palibe amene anapempha cilolezo ku Sheffield asanayambe kuimba.